Musangodutsa pa Mzuzu, tsikani muyambire ku Chibavi

Anthu ambiri a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amati ku Mzuzu anafikako. Mukawafunsitsa mupeza kuti chimene akudziwa ndi depoti ya basi, malo omwetsera mafuta ndi chipinda cha hotela mmene munachitikira msonkhano wa kuntchito. Basi ya usiku imawatula m'bandakucha chifunga chitakuta tauni yonse, iwo n'kudumphira mu minibasi ya ku Nkhata Bay kapena ya ku Karonga mano akugundana ndi chisanu. Pobwerera amagula mpunga wa Kilombero ndi kapaketi ka khofi, basi Mzuzu wathera pomwepo.

Mukawauza kuti mzindawu uli ndi mbiri yoti munthu aithere masiku awiri kapena atatu, amaseka. Kuseka kwawoko kuli ndi poyambira. Blantyre ali ndi Mandala House ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatsegulidwa mu 1891. Zomba ali ndi nyumba zakale za boma la atsamunda zondandalika m'munsi mwa phiri. Ku Mzuzu mungazungulire tauni yonse osapeza khoma limene lakwanitsa zaka 100. Alipo agogo amoyo lero amene anabadwa mzindawu kulibe.

Komabe woyeza mbiri ndi ukalamba wa njerwa aphonya zambiri kuno. Zina mwa zinthu zimene zinatembenuza dziko lino pakati pa 1959 ndi 2011 zinachitikira mu Mzuzu momwemu kapena pamtunda wa ola limodzi kuchoka pano. Chovuta n'chakuti zikwangwani zokuuzani zimenezi n'zosowa. Mbiri ya Mzuzu ili m'maina a misewu, m'manda ndi m'kamwa mwa anthu, ndiye woifuna ayenera kuyenda wapansi ndi kufunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikuti ulendo wotere uyambire ku Chibavi, osati pakhonde la hotela.

Mtengo unalephera, anthu anatsala

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la Britain linkasaka mbewu zoti zilibweretsere ndalama kuchokera m'maiko amene linkawalamulira. Maso anagwa pa tung, mtengo wochokera ku China umene njere zake zimatulutsa mafuta opangira penti ndi vanishi. Mapiri a Viphya, ozizira komanso amvula yambiri, anaoneka oyenera. Cha mu 1947 anthu anayamba kuswa mphanje pafupi ndi kamtsinje kotchedwa Mzuzu, ndipo bungwe la Colonial Development Corporation linathira ndalama m'minda imeneyi. Kunamangidwa nyumba za mabwana, nyumba za makalaliki, mashedi ndi misewu. M'zaka za m'ma 1950 boma linasamutsira pomwepa likulu la chigawo cha kumpoto kuchoka ku Mzimba.

Tung sanapite patali. Mafakitale a kunja atapeza njira zina zopangira penti, mafuta ake anatsika mtengo, minda n'kusiyidwa. Koma anthu anali atafika kale ndipo ena ankabwerabe: Atumbuka a ku Rumphi ndi ku Mzimba, Atonga a ku Nkhata Bay, Angoni a ku Ekwendeni, Ankhonde a ku Karonga, Alambya a ku Chitipa, kenaka ogwira ntchito m'boma ochokera pakati ndi kummwera. Kalembera wa 1977 anapeza anthu opitirira pang'ono 16,000. Mu 1985 Mzuzu anakwezedwa kukhala mzinda. Pofika 2018 anthu anali 221,272.

Khamu lonseli silikanakwana m'nyumba zoyalidwa bwino za ku Katoto, ku Chimaliro ndi ku Kaning'ina. Ambiri anakadzipezera malo ku Chibavi, ku Chibanja, ku Chiputula, ku Mchengautuwa, ku Masasa ndi ku Zolozolo, n'kuumba njerwa, n'kumanga. Mzuzu weniweni, wa anthu amene amadzutsa misika ndi kuyendetsa tauni, ndi umenewu.

M'mawa wa ku Chibavi

Ngati muli ndi wachibale ku Chibavi, kagoneni kumeneko. Ngati mulibe, malo ogona otsika mtengo alipo m'madera ozungulira, ndipo mungalawirire. Chofunika ndi kukhala pamsewu dzuwa lisanakwere.

Nthawi imeneyo muona njinga zikutsika ndi matumba a makala osanjikizana mpaka kupitirira mutu wa mwini wake, amayi atasenza madengu a masamba ndi tomato, ana a sukulu atapinda manja m'majuzi. Akalipentala amakhala atatulutsa kale mabedi ndi mipando ya matabwa a paini, ambiri mwa matabwawo ochokera ku Chikangawa. Owotcherera zitseko ndi mawindo amayamba phokoso lawo magetsi akakhalapo. Pachiwaya mafuta amakhala akuwira, tchipisi cha mbatatesi chikudikira woyamba. Kamsika ka ku Chibavi sikadzalowa m'buku la alendo odzaona malo, koma ndi pamene mungadziwire mtengo weniweni wa moyo mu mzindawu, chifukwa zinthu zimagulitsidwa pang'onopang'ono, mafuta ophikira m'timapepala, makala pa mulu, usipa pa kambale.

Chichewa chimamveka paliponse, simusowa chonena. Koma mukayamba ndi "Monire amama" kapena "Monire adada", n'kumaliza ndi "Yewo chomene", nkhope zimamasuka ndipo nkhani zimatuluka. Kumbukirani kuti Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya boma mu 1968 ndipo chinabwereranso mu 1994. Anthu amene chiyankhulo chawo chinakhala kunja zaka 26 saiwala mlendo amene wayesa kuwalonjera m'chiyankhulocho, ngakhale atachikhotetsa.

Yang'ananinso pansi pamene nyumba zakhala. Mzuzu ndi wa zitunda ndi madambo, ndipo pamene malo abwino anatha anthu anatsikira m'madambo ndi m'mbali mwa timitsinje. Mu Epulo 2016 mvula inagwa masiku otsatizana, nyumba zambiri zinagwa m'madera osiyanasiyana a mzindawu, ndipo Chibavi ndi Chibanja sanasiyidwe. Ngalande zokumbidwa ndi makasu ndi matumba a mchenga otchinga pakhomo amene muwaone ndi zipsera za zaka zoterezi. Kuno mvula imachedwa kusiya, imatha kufika mu Meyi, ndipo mu Juni ndi Julayi mumagwa mawawa ozizira. Pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchoka pa nyanja yamchere, wobwera ndi malaya a ku Nsanje amalapa.

Kuchoka ku Chibavi kupita m'tauni si patali. Mungayende wapansi, kapena kukwera njinga yakabaza imene kuno imatchedwa sakramento. Masiku ano njinga zamoto zachuluka ndipo zimafulumira, koma pa njinga yakapalasa mumaona zambiri komanso mumacheza ndi wopalasa, amene nthawi zambiri amadziwa tauni kuposa wina aliyense. Gwirizanani mtengo musanakwere.

Msika, kenaka chipinda cha zakale

Msika waukulu wa m'tauni ndi pamene chigawo chonse cha kumpoto chimakumana. Mpunga wa ku Karonga, nyemba za ku Chitipa ndi ku Mzimba, nthochi ndi chinangwa za ku Nkhata Bay, batala ndi usipa wa kunyanja, uchi, ndiponso bowa wa m'nkhalango nthawi ya dzinja. Pafupi pomwepo pali msika wa Taifa, wodzaza ndi zitenje, nsapato ndi katundu wina wolowera ku Songwe kuchokera ku Tanzania. Kumeneko Chiswahili chimamveka ngati muli ku Kyela. Msika wa Zigwagwa ndi wa anthu ofuna zotchipa, ndipo matumba anu muziwasamala monga mmene mungachitire pa msika uliwonse wodzaza.

Nkhomaliro idyereni m'timalesitilanti ta kumsika. Funsani kondowole ndi batala. Kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa, imakakamira m'manja ndipo wosazolowera amalimbana nayo, koma mukatapa pang'onopang'ono ndi kunyowetsa zala muimvetsa chifukwa chake Atonga saisinthanitsa ndi china. Mukapeza pamene akuphika mbalagha, nthochi zosapsa zophikidwa pamodzi ndi nyama monga amachitira a ku Karonga, musadutse.

Mukakhuta pitani ku Mzuzu Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 1986. Ndi yaing'ono, ili m'zipinda za nyumba ya maofesi m'kati mwa tauni, moti ambiri okhala mu Mzuzu sadziwa n'komwe kuti ilipo. Muli zida, zovala, ng'oma ndi zithunzi zofotokoza za mitundu ya anthu a kumpoto ndi magule awo. Vimbuza, gule wochiritsa wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, ali ndi malo ake mmenemo. Ola limodzi likukwanirani. Chigawo chimene chinatulutsa aphunzitsi, abusa ndi makalaliki amene anafika mpaka ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Joni chikanayenera nyumba yoposa pamenepa, koma poti ilipo ndi imeneyi, ilowereni, ndipo wokuonetsani mumufunse mafunso ambiri.

Maina ndi manda

Apa ndi pamene ulendowu umalemera. Msewu waukulu wodutsa pakati pa tauni ndi Orton Chirwa Avenue. Mazana a anthu amauwoloka tsiku lililonse osaganizira mwini dzinalo. Orton Chirwa, wa ku Nkhata Bay, anali Mmalawi woyamba kukhala loya wophunzira mokwana. Ndiye anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 pamene Kamuzu Banda anali m'ndende ku Gwelo, n'kumupatsa utsogoleri atatuluka. Atasemphana ndi Kamuzu pa mkangano wa nduna wa 1964 anathawira kunja. Mu Disembala 1981 anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera, anagamulidwa kuti aphedwe, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, miyezi isanu ndi itatu yokha riferendamu ya zipani zambiri isanachitike.

Tulutsani ndalama m'thumba. Pa K200 pali nkhope ya Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi mu Nyasaland African Congress, anatsekeredwa mu 1959 ali ndi khanda la masiku ochepa, ndipo pambuyo pa 1964 anakhala zaka pafupifupi 30 ku Zambia. Atabwerako anakhazikika mu Mzuzu, ndipo atamwalira mu Januwale 2016 anaikidwa mumzinda momwemu. Ngati mukadali ndi K20, paliponso Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, ndipo msewu wina wa m'tauni ndi wa M'mbelwa. Kuseri kwa K1,000 kuli nkhokwe za chimanga za ku Mzuzu. Mzinda umene ena amati ulibe mbiri timayenda nawo m'matumba tsiku ndi tsiku.

Manda a Chakufwa Chihana alinso mu Mzuzu. Uyu ndi mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito amene pa 6 Epulo 1992 anatsika ndege ku Lilongwe n'kuyamba kuwerenga mawu ofuna ulamuliro wa zipani zambiri, apolisi n'kumunyamula pomwepo. Anatsogolera chipani cha Aford ndipo anamwalira mu Juni 2006. Funsani wa sakramento akuperekezeni. Kaya munkagwirizana ndi ndale zake za pambuyo pake kaya ayi, munthu amene anabwera yekha akudziwa chimene chikumudikira ndi woyenera kumuvulira chipewa.

Tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha St Peter's chili ndi gawo lake m'chaka chomwecho cha 1992. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kuponderezana, umphawi ndi kutsekera anthu popanda mlandu. Amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu nthawi imeneyo anali Monsignor John Roche wa ku Ireland. Boma linamuloza chala kuti ndiye mwini nkhani, ndipo mwezi wotsatira linamuthamangitsa m'dziko muno. Mukapita Lamulungu mumva kwaya za Chitumbuka. Mukafuna kuyimba kwa a CCAP, kumbukirani kuti likulu la Sinodi ya Livingstonia lili mu Mzuzu, ndipo a Katawa Singers, amene nyimbo zawo zinadzaza makaseti a m'ma 1990, dzina lawo ndi la dera la mumzinda uno.

Kambi ya asilikali ya Moyale simalo olowamo mwachisawawa, ndipo musayerekeze kujambula pageti. Koma dziwani zinthu ziwiri. Dzinalo ndi la tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles analimbana ndi Ataliyana mu Julayi 1940. Chachiwiri, kumayambiriro kwa Disembala 1993 a Malawi Young Pioneers anawombera ndi kupha asilikali awiri a kambi imeneyi pambuyo pa mkangano mu Mzuzu. Patangopita masiku ochepa asilikali m'dziko lonse anayamba kulanda zida za Apayoniya, ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Gulu limene linaopedwa zaka pafupifupi 30 linabalalika m'masiku owerengeka, ena n'kuthawira ku Mozambique. Popanda zimenezi, chisankho cha Meyi 1994 chikanachitika mfuti zili m'manja mwa chipani. Moto wake unabuka kuno.

Kenaka pitani ku manda a ku Zolozolo. Pa 20 Julayi 2011 Amalawi anachita zionetsero zodandaula kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja komanso kayendetsedwe ka boma la Bingu wa Mutharika. M'dziko lonse munafa anthu 20, ndipo Mzuzu ndiye anataya anthu ambiri kuposa mizinda ina. Angapo mwa iwo anaikidwa pamodzi ku Zolozolo. Ambiri anali anyamata a m'madera onga Chibavi, ndipo abale awo akadalipo. Mukapita kumeneko pitani mwaulemu, pemphani chilolezo kwa oyang'anira manda monga mwa mwambo wathu, ndipo foni ikhale m'thumba.

Zopepukirako

Si zonse za Mzuzu zili zolemera pamtima. Loweruka kapena Lamulungu masana, ngati ligi ili mkati, lowani pa Mzuzu Stadium muone Moyale Barracks akulandira timu ya kummwera. Bwalolo ndi lokalamba, koma ndemanga za ochemerera, zosakaniza Chitumbuka, Chitonga ndi Chichewa, zimaposa mtengo wa tikiti.

Khofi amene amatchuka ndi dzina la mzindawu salimidwa m'tauni. Amachokera kwa alimi ang'onoang'ono a ku mapiri a Misuku, a Phoka, a Viphya, a ku Nkhata Bay ndi a kummwera chakummawa kwa Mzimba, amene ali pansi pa bungwe la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Kumwa kapu yake pa Coffee Den kukuzizira ndi chinthu chimene ngakhale ife okonda tiyi wa masamba timachivomereza. Amene akufuna mitengo ndi mbalame alunjike cha ku nkhalango ya Kaning'ina ndi damu la Lunyangwa, kumene kumachokera madzi a m'mipope ya mzindawu, koma ayambe wapempha chilolezo kwa oyang'anira. Ku Luwinga kuli Mzuzu University, imene inakhazikitsidwa mu 1997 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1999 pa malo amene kale panali sukulu ya aphunzitsi. Laibulale yake inapsa mu Disembala 2015, mabuku masauzande ambiri n'kusanduka phulusa usiku umodzi.

Tsiku lotuluka m'tauni

Njerwa zakale zija, ngati mukuzifunabe, zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kumpoto. Mishoni ya Ekwendeni inatsegulidwa mu 1889 ndi Walter Angus Elmslie wa mishoni ya Livingstonia, pakati pa Angoni amene nthawiyo anali asanagonjere boma la atsamunda. Tchalitchi, chipatala ndi masukulu zilipo mpaka lero. Minibasi zake sizisowa, ndipo m'mawa umodzi ukukwanirani. Mukafika mu Ogasiti, funsani za Umthetho, mwambo wa Angoni a ku Mzimba umene umachitikira pa phiri la Hora. Phirilo ndi lomwe Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anathawirapo ataukira Angoni cha mu 1880, ndipo ambiri anathera pomwepo. Lero zidzukulu za mbali zonse ziwiri zimavina ingoma limodzi m'munsi mwake.

Koma ngati tsiku lili limodzi lokha, ine ndingasankhe Nkhata Bay. Ndi makilomita osakwana 50, msewu wokhotakhota wotsika kuchoka m'chisanu kulowa m'kutentha, nthochi ndi chinangwa mbali zonse. Ambiri amathamangira kukasamba ndi kudya nsomba, ndipo palibe cholakwika. Musanatero imani padoko. Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti dziko lili pa ngozi, atsogoleri a Congress amene anagwidwa anatsekeredwa mu sitima ya Mpasa. Khamu la anthu linasonkhana kufuna kuti abale awo amasulidwe, ndipo asilikali anawombera. Lipoti la Devlin, lofufuza zimene zinachitikazi, linawerenga anthu 20 akufa, pamene eni dera amakumbukira 31. Tchuthi cha pa 3 Malichi chimene ambiri timachithera pa mowa ndi kuchapa chili ndi magazi a pa doko limeneli. Chipilala cha chikumbutso chilipo pa boma pomwepo. Mukachita mwayi mupezanso Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, itakocheza.

Livingstonia, Nyika ndi Vwaza ndi maulendo paokha, osawapanikiza m'masiku awiri. Pobwerera kummwera pa msewu wa M1, yendani masana kuti muone Chikangawa, nkhalango yobzalidwa ya mahekitala 53,000 imene kale inkatchulidwa m'gulu la zikuluzikulu mu Africa. Zitsa ndi mapiri ometedwa amene muwaone akuuzani okha zimene macheka ndi moto zachita. M'nkhalango yomweyi ndi mmene munagwa ndege pa 10 Juni 2024, imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, italephera kutera pa bwalo la Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa. Woyendetsa galimoto asachite masewera ndi chifunga cha pamenepa.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mlendo wofika lero sangazipeze zonsezi payekha. Ana a sukulu a ku Chibavi amaloweza za Zomba ndi Blantyre pamene zimene zinachitikira pakhomo pawo palibe wowalozera. Khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi aphunzitsi a mbiri a ku Mzuzu University angathe kuyamba ndi zazing'ono: zikwangwani zolembedwa m'Chitumbuka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi pa malo amene tatchulawa, kapepala ka mapu kogulitsidwa pa depoti, ndi kuphunzitsa anyamata a sakramento ochepa kuti aziperekeza alendo n'kumapezapo kangachepe. Amene anagwira ntchito m'minda ya tung atsala owerengeka, ndipo amene anaona za 1959 ndi maso awo akutha chaka ndi chaka. Apitireni ndi zojambulira mawu akadali moyo.